Besi ikugwedeza malata koma nyimbo sikumveka

Pali madandaulo awiri amene woyimba besi amalandira akatsika pa nsanja, ndipo kawirikawiri amabwera tsiku limodzi. Mnyamata wa kwaya amakupeza ukukulunga chingwe n'kunena kuti, "Achimwene, lero besi yanu sitinaimve." Usanayankhe n'komwe, mayi wina amene anakhala kumbuyo cha kukhoma amakukodola: "Bambo, chinthu chanucho chimatigunda pamtima, muzichepetsako." Onse awiri akunena zoona, ndipo n'zimene zimandisowetsa tulo. Gitala ndi imodzi, ampu ndi imodzi, zala ndi zomwezo, koma wina wapita kwawo osamva kanthu pamene mnzake wapita mutu ukuwawa.

Ndimayimba besi kutchalitchi kwathu kuno ku Blantyre, ndipo Loweruka ndimapezeka m'maukwati ndi kagulu kathu. Gitala yanga ndi ya nsambo zinayi, yopangidwa motengera Jazz Bass ya Fender, ya ma pickup awiri, tizida timene timatola kunjenjemera kwa nsambo. Ampu ndinaigula kwa munthu amene anabwera nayo pa basi kuchokera ku Johannesburg itagwirapo kale ntchito: bokosi limodzi lolemera, ma watt 100, sipika imodzi ya mainchesi 15. Kutsogolo kwake kuli mabatani asanu ndi limodzi, Gain, Bass, Low Mid, High Mid, Treble ndi Master. Ndawapotokola mabatani amenewa mpaka manambala ena anafufutika ndi thukuta.

Kunyumba ampuyi imalira mokoma zedi. Ndikakweza Bass, n'kutsitsa ma Mid onse awiri, Treble n'kumusiya pang'ono chabe, m'chipinda mumadzaza mawu onenepa, ofunda, oti ungakhale nawo mpaka usiku. Ndi mawu amene ndinakula nawo. Ife amene tinakula tikumva reggae ya ku Chileka pa wailesi ndi m'maminibasi, besi timaidziwa kuti imayambira m'mimba isanafike m'khutu. Mawu omwewo ndi amene ndinkanyamula kupita nawo kutchalitchi Lamlungu. Koma ng'oma zikangolowa, kiyibodi n'kutsatira, kwaya n'kutsegula pakamwa, besi yanga inkasanduka chinthu china. Malata ankanjenjemera, magalasi a m'mawindo ankasokosa, koma manoti enieniwo osadziwika. G ndi A ankamveka chimodzimodzi. Zinali ngati munthu akukuuza nkhani yofunika ali ndi mbamu ya nsima m'kamwa: ukuona kuti akuyankhula, koma mawu ake sukuwatola.

Chimene chinanditsegula mutu ndi manambala ochepa chabe. Nsambo yaikulu ya besi, ya E ija, ukaikhudza osagwira fret iliyonse, timizere tachitsulo ta pa khosi la gitala tija, imanjenjemera ka 41 pa sekondi imodzi, ndiye amati 41 Hz. Ya A ndi 55, ya D ndi 73, ya G ndi 98. Amene ali ndi gitala ya nsambo zisanu, B wawo amatsika mpaka 31 Hz. Khutu la munthu limayambira kumva cha pa 20 Hz, choncho ife a besi timakhala m'malire enieni a zimene khutu lingathe. Koma nsambo sinjenjemera mwa njira imodzi yokha. E yemweyo akamalira, pamwamba pa 41 pamakhalanso 82, 123, 164, 205 kukwera m'mwamba, timawu ting'onoting'ono tosanjikizana. Timawu timeneti ndi timene timauza khutu kuti notiyi ndi E osati F. Umboni wake aliyense ali nawo m'thumba. Kasipika ka foni sikangatulutse 41 Hz ngakhale pang'ono, komabe ukamamvera nyimbo pa foni umatha kuitsatira besi. Ubongo umatola timawu ta pamwambato n'kudziwerengera wokha noti ya pansiyo.

Ndiye taonani pamene mabatani a ampu amagwira. Pa ma ampu ambiri batani la Bass limakhudza mawu a pansi pa 100 Hz. Low Mid amakhala cha pakati pa 200 ndi 500, High Mid kuyambira cha pa 800 kukafika 2,000 kapena kupitirirako, Treble pamwamba pake. Munthu akatsitsa ma Mid wachotsa gawo limene limanyamula dzina la noti. Chotsala ndi kugunda kwa pansi ndi kaphokoso ka zala pamwamba. Uli wekha m'chipinda zimakoma, chifukwa palibe wolimbirana naye malo. Pagulu, kugunda kuja kumawombana ndi ng'oma ya phazi, kaphokoso kaja kamamezedwa ndi ma cymbal, ndipo pakati, pamene besi ikanadziwikira, pangotsala bowo.

Khutu nalo lili ndi khalidwe lake. Mu 1933 akatswiri awiri a ku Bell Labs ku America, Harvey Fletcher ndi Wilden Munson, anasonyeza kuti khutu silimva mawu onse mofanana. Limatola msanga mawu a pakati pa 2,000 ndi 5,000 Hz, koma a pansi limawamva movutikira, makamaka voliyumu ikakhala yotsika. Voliyumu ikamakwera kusiyanako kumachepa. Usiku kunyumba, poopa kudzutsa ana ndi aneba, ndimayimba motsitsa ndipo khutu limapempha Bass wambiri. Ampu yomweyo, mabatani ali pomwepo, ukaikweza kuti ilingane ndi ng'oma, Bass uja amakhala wapyola muyeso.

Zimenezi munthu angawerenge n'kuzimvetsa tsiku limodzi. Chimene chandizunza nthawi yaitali ndi nyumba yoyimbiramo. Tchalitchi chathu ndi cha njerwa, pansi simenti, denga la malata lopanda siling'i, mawindo a magalasi opyapyala aja otsegula ndi kachitsulo. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, kutanthauza kuti funde limodzi la E wa pansi ndi lalitali mamita 8 ndi pang'ono. Mulifupi mwa tchalitchicho, nditayeza ndi tepi ya mmisiri, ndi pafupifupi mamita 8 omwewo. Funde likagunda khoma limabwerera n'kukumana ndi linzake limene likubwera. Pena amathandizana, mawu n'kukula kwambiri. Pena amafafanizana, mawu n'kuzimirira. Ndipo malo amenewa sasuntha. M'mbali mwa makoma ndi m'kanjira ka pakati E ndi F amachita kuphulika, pamene pakatikati pa mabenchi a kumanja ndi a kumanzere manoti omwewo amangoti zii.

Ndinakazimvera ndekha tsiku lina pakati pa sabata, m'tchalitchi mulibe munthu. Ndinabwereka chingwe chachitali n'kuyamba kuyenda ndi gitala ndikugunda F yekhayekha. Kuguwa ankamveka bwino. Nditatsika n'kulowa pakati pa mabenchi noti inayamba kuonda, mpaka pamalo ena ndinachita kuyang'ana chingwe poganiza kuti chazuka. Nditasendera kukhoma, F uja anabwerera mwaukali. Galasi limodzi losagwira bwino linayamba kuchita tetete m'chitsulo chake, ndipo fumbi la pa mtanda wa denga linkayoyoka n'kumaoneka m'kuwala kolowera pawindo. Ndinaima pamenepo kwa kanthawi, chifukwa benchi imeneyo ndi imene amakhalapo amayi achikulire Lamlungu lililonse.

Pa ampu palibe batani lokonza zimenezi. Chimene chimathandiza ndi malo amene waiika. Yanga inkakhala pakona, chifukwa ndi pamene pali soketi komanso siitsekereza kwaya. Koma pakona ndi pamene mawu a pansi amachulukira koposa: simenti, khoma ili ndi khoma ilo, zonse zikuwabweza n'kuwaunjika pamodzi. Kuichotsa pakona kunathandiza, kenako kunabala vuto lina. Ampu ikatalikira khoma lakumbuyo mita imodzi, mawu a cha pa 86 Hz amapita kukhomako n'kubwerera atasemphana ndi anzawo, n'kuwafafaniza. F wa pa fret yachitatu ya nsambo ya D amafooka pamene anzake ali bwinobwino. Pano ndimaiyandikiza kwambiri khoma limodzi, kutali ndi kona, nditaikweza pa benchi yolimba, ndi kathabwa kunsi chakutsogolo kuti ipendekeke n'kuyang'ana kumutu kwanga.

Kupendeketsako kukuoneka kochepa koma kunasintha zambiri. Mawu a pansi amafalikira mbali zonse, pamene a pakati ndi a pamwamba amalunjika kumene sipika yaloza. Ampu ikakhala pansi iwe utaima pafupi, mawu omveka bwinowo amadutsa m'mawondo mwako kupita kwa anthu a kutsogolo, iwe n'kumangomva kugunda. Ndiye umakweza Treble kuti udzimve, osadziwa kuti abusa pampando wawo akulasidwa m'khutu.

Amene anandithandiza kwambiri ndi bambo wina wachikulire amene amakhala pa mikisa m'maukwati ambiri m'tauni muno. Kale anayimbapo besi m'mabandi a m'mahotela, ndipo si munthu wa zokamba zambiri. Tsiku lina tikuyesa zida ukwati usanayambe, anakwera pa nsanja n'kuyang'anitsitsa mabatani a ampu yanga.

"Mwana wanga, mabatani onsewa abwezeni pakati."

"Madala, ikalira choncho imauma."

"Abwezeni kaye. Mukatero Bass mum'tsitse pang'ono, Low Mid mum'kweze pang'ono. Musakhudzenso mpaka anzanuwa alowe."

Ndinachita zimene ananena, ndipo mawuwo sindinawakonde ngakhale pang'ono. Anali ouma, a m'mphuno. Chala chikangokhula nsambo chinkamveka, noti iliyonse yogwidwa mofooka inkaonekera poyera. Koma wa ng'oma atawerenga n'kulowa, kiyibodi ndi gitala n'kutsatira, ndinamva chimene ndinali ndisanamvepo pa ampu imeneyi: mzere wanga wonse, noti ndi noti, uli pamalo pake kunsi kwa nyimbo. Kuuma kuja kunasowa, kutabisala m'zida zinazo, ndipo chinatsala ndi besi yonenepa bwino lomwe. Master, batani la voliyumu, anali pansi kuposa masiku onse. Madala aja anabwerera pa mikisa yawo osanenanso kanthu.

Nkhani sinathere pamenepo. Mpaka lero dzanja limandiyabwa kuti ndibweze Bass m'mwamba, makamaka poyesa zida ndili ndekha pa nsanja, anthu akuyang'ana. Munthu umafuna kuti noti yoyamba igwedeze tenti, anyamata onyamula mipando atembenuke. Kulola kuti chida chako chimveke mosasangalatsa pachokha n'cholinga choti nyimbo yonse ikome ndi nkhani ya mumtima, ndipo ine imandivuta kuposa manambala onse aja. Besi ndi chida chimene umachigula ndi ndalama zako, kuchinyamula pamsana pako, kuchiphunzira usiku wekha, koma mawu ake abwino umawapeza pokhapokha anzako akuyimba.

Nditayamba kumvetsera akatswiri ndi khutu limeneli ndinaona kuti iwo anadutsa njira yomweyi. Leo Fender anatulutsa Precision Bass mu 1951, ndipo chaka chotsatira anatulutsa ampu yake, Bassman, ya sipika imodzi ya mainchesi 15 ndi ma watt osakwana 30. Ampeg B-15 ya mu 1960, imene a m'ma studio amailemekeza mpaka lero, nayonso inali ya mphamvu yochepa chomwecho. Ma watt 300 a Ampeg SVT, ndi bokosi lake la masipika asanu ndi atatu a mainchesi 10, anadzabwera mu 1969, nthawi imene magulu a rock ankadzaza mabwalo akuluakulu. Besi yambiri imene dziko linavina m'zaka za m'ma 1960 inajambulidwa ndi ma ampu ochepa mphamvu kuposa yanga, kapena inangolowa mu mikisa mwachindunji. James Jamerson wa ku Motown, kampani yojambula nyimbo ya mumzinda wa Detroit, ankayimba Precision ya nsambo zosalala zimene ankakhala nazo nthawi yaitali osasintha, ndipo ankazikhudza ndi chala chimodzi. Nyimbo zimenezo anthu ankazimvera pa timawailesi ta m'manja ndi ta m'galimoto, timene mawu a pansi sitiwadziwa n'komwe, koma besi yake inkatuluka. Mphamvu yake ili pakati.

Reggae nayo, ukaimvetsera modekha, si Bass yekha ayi. Aston Barrett wa gulu la The Wailers, amene ankamutcha Family Man, noti yake iliyonse ili ndi poyambira ndi pothera, ndipo pakati pa manotiwo pali mipata yoti ng'oma ipumiremo. Treble anachotsedwa, inde, koma thupi la noti lilipo lonse. Kulemera kwa besi imeneyo kumachokeranso m'mipatamo. Ukangotengera kunenepa kwake n'kusiya mipata, umapeza matope. Ku Zimbabwe kuli mbali inayo. Alick Macheso, amene ali ndi magazi a kuno ku Malawi ndipo amayimbanso m'Chichewa, besi yake ya sungura imathamanga, imakwera mpaka kumafret a m'mwamba, ndipo mawu ake ndi owala, akuthwa. Mutaipatsa mawu a reggae, manoti onse aja angamatirirane n'kukhala chiphokoso chimodzi. Liwiro la nyimbo ndi limene limalamula kuchuluka kwa mawu a pansi amene ingathe kunyamula.

Koma mphunzitsi wanga wamkulu ndi babatoni wathu yemweyu. Nsambo imodzi, mtengo wautali, ndi ng'oma ya chikopa kapena bokosi lokuzira mawu, basi. Abale a Kachamba, Daniel ndi Donald, anali ndi besi ya nsambo imodzi mu kwela yawo ya ku Chileka. Masiku ano a Madalitso Band, amene anayambira m'misewu ya Lilongwe, ayenda naye babatoni mpaka ku Ulaya, ndipo Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amamuliza ndi kamtengo ndi botolo. Babatoni wa pamsika alibe magetsi, alibe batani, ndipo mawu ogwedeza denga sangawakwanitse. Koma imani chapatali, maminibasi akuliza mahutala, ogulitsa akukuwa, mumumva bwinobwino ndipo phazi liyamba lokha kugunda pansi. Chimene mukumvacho ndi kumenyedwa kwa nsambo ndi kuyankha kwa chikopa, mawu a pakati okhaokha. Amene anapanga chida chimenechi analibe mikisa, koma anadziwa mawu amene amaboola phokoso n'kukafika kwa munthu.

Lamlungu limodzi timatha kuyimba nyimbo ya m'buku yodekha, kenako kolasi ya reggae, kenako ina yothamanga yoti anthu avine popereka chopereka. Nthawi yotembenukira ku ampu palibe, ndiye zosintha zonse zili m'dzanja lamanja. Ndikakhudza nsambo pafupi ndi khosi la gitala, ndi mnofu wa chala, mawu amatuluka ozungulira, oyenera nyimbo yodekha. Ndikasendera kumbuyo pafupi ndi bridge, pamene nsambo yakungika, amatuluka othina, ndipo manoti othamanga amasiyanitsika. Pa reggae nthawi zina ndimagoneka chikhatho pa nsambo n'kumayimba ndi chala chachikulu. Chinanso chimene madala aja anandiuza tsiku lina n'chakuti ndikweze ampu pang'ono koma ndifewetse dzanja. Ukamakoka nsambo mwamphamvu imamenya mafret, noti imayamba ndi kuthyoka kenako n'kufa msanga. Ukaikhudza mofatsa imakhalitsa ndipo imanenepa yokha.

Nsambo nazo zimafa. Zatsopano zimalira ngwee, koma thukuta la mwezi wa Okutobala ndi fumbi zikalowa m'mizere yake, kuwala kuja kumatha. Pamenepo ngakhale ukweze Treble mpaka kumapeto umangowonjezera kaphokoso ka sii, chifukwa batani silingakweze chinthu chimene palibe. Nsambo za besi n'zodula, ndipo si nthawi zonse zimapezeka m'tauni. Ambiri a ife timaziwiritsa m'poto, madzi n'kuda bii, kenako kuziumitsa bwino kuti zisachite dzimbiri. Zimadzukadi, koma kwa kanthawi kochepa. Kansalu kopukutira ukangomaliza kuyimba kamathandiza kuposa potoyo.

Ndiye pali wa kiyibodi. Anyamata athu ambiri anaphunzira kiyibodi m'matchalitchi mmene munalibe chida china, choncho dzanja lawo lamanzere linazolowera kugwira ntchito ya besi, ndipo amaigwira bwino. Vuto limabwera tikakhala awiri pamalo amodzi. Iye akagunda C wake wa pansi ine ndili pa E, kapena tonse tili pa C koma wina wachedwa pang'ono, anthu amangomva kulindima. Tsiku lina titaweruka ndinamutengera pambali.

"Mphwanga, dzanja lamanzerelo tandisiyirako malo."

"Achimwene, ndikalichotsa nyimbo imakhala yopanda msana."

Sankanama. Kwa iye, pamene amakhala, besi yanga sinkafika, ndiye ankatseka bowo limene ankalimva. Tinasuntha kiyibodi kubwera mbali imene ampu yanga yaloza, ndipo atayamba kundimva dzanja lija linakwera lokha m'mwamba. Wa ng'oma naye anaika pilo m'ng'oma ya phazi kuti izigunda mwachidule. Zinthu ziwirizi zinakonza mawu a besi yanga kuposa chilichonse chimene ndinagulapo.

Za Gain ndi Master sindichulutsa. Gain ndi kuchuluka kwa mawu olowa mu ampu, Master ndi otuluka. Ndimakweza Gain mpaka kanyali kofiira kayambe kuphethira pa noti yamphamvu kwambiri, n'kubweza pang'ono, kenako voliyumu yonse ndimaitenga pa Master. Amene gitala yawo imayendera batire ya 9 V azikumbukira kuti batire ikamatha mawu amasasa, ndipo ambiri amathamangira kwa wokonza ma ampu vuto lili m'kabokosi ka kuseri kwa gitala. Za ma watt, anthu timanamizidwa ndi manambala olembedwa pa makatoni. Kuchoka pa ma watt 100 kufika 200 kumangowonjezera 3 dB pa muyeso wa kukula kwa phokoso, kusiyana kochepa ndithu. Kuti khutu linene kuti phokoso lawirikiza pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi. Ndipo mawu a pansi ndi amene amadya mphamvu: kukweza Bass ndi 6 dB ndi kupempha ampu kuti igwire ntchito yowirikiza kanayi pa manoti amenewo. Ampu yaing'ono imatopa, sipika n'kuyamba kuchita phwephwephwe pa E aliyense. Amene akufuna kuwonjezera bokosi lachiwiri aziyang'ananso ma ohm. Masipika awiri a 8 ohm akalumikizidwa pambali pa linzake amakhala 4 ohm, ndipo kutsika kupyola nambala yolembedwa kuseri kwa ampu ndi kuiwotcha.

Pali mdani wina amene amalira ngakhale usanakhudze nsambo. Magetsi athu ndi a 230 V, 50 Hz, ndipo 50 ameneyu akalowa m'zida amamveka ngati kung'ung'udza kosatha, limodzi ndi ana ake 100 ndi 150. G wa pa fret yachitatu ya nsambo ya E ndi 49 Hz. Pa nyimbo yodekha ya mu G, ndikaigwira noti imeneyi n'kuisiya kuti ilire, ndimamva ikukwera n'kutsika kamodzi pa sekondi, ikukangana ndi magetsi. Ma pickup a gitala ngati yanga amatola phokoso limeneli mosavuta ukatsegula imodzi yokha. Ukatsegula zonse ziwiri mofanana zimafafanizirana, ndipo nthawi zina kungotembenuka thupi kumalichepetsa. Lina limabwera ampu ndi mikisa zikalumikizidwa ku masoketi osiyana. Mankhwala ake ndi kabatani ka ground lift pa DI, kabokosi kolumikizira besi ku mikisa, kapena kutenga magetsi a zida zonse pamalo amodzi.

Apa ndiyankhule molimba. Ndaonapo anzathu akuthyola kapena kumasula mwendo wachitatu wa pulagi, wa earth uja, kuti phokoso lithe, ena n'kumalowetsa mawaya osenda mu soketi ndi kamtengo ka machesi. Phokoso limathadi nthawi zina. Koma waya ameneyo ndi njira imene magetsi amathawira chida chikawonongeka mkati, ndipo ukamudula njira yotsala ndi thupi lako, chifukwa nsambo za gitala zimalumikizana ndi chitsulo cha ampu. Mu 1972 ku Swansea, woyimba gitala Leslie Harvey wa gulu la Stone the Crows anafera pa nsanja atagwira maikolofoni imene inali ndi magetsi. Mukamva kunyerenyetsa pamilomo poyandikira maikolofoni dzanja lili pa nsambo, imitsani zonse. Ukwati ungadikire.

M'maukwati a panja mavuto amatembenuka. Kulibe makoma obweza mawu, ndiye manoti onse amatuluka ofanana, chinthu chosangalatsa kwambiri, koma besi imachepa mphamvu chifukwa palibe choithandiza. Ma watt 100 anga amathera pa mzere woyamba wa mipando. Jenereta ikakhala yaing'ono, masipika aakulu akamakoka mphamvu pa kolasi, mumaona mababu akuphethira motsatira ng'oma ya phazi ndipo ampu imafooka pa nthawi imene ikufunika kwambiri. Kumeneko ndinasiya kulimbana nazo. Ampu imakhala yanga ndi wa ng'oma, yoti tizimvana, ndipo anthu amamva besi kudzera m'masipika aakulu. Ndimapempha wa pa mikisa kuti atenge mawu a gitala asanadutse m'mabatani a ampu, kuti ndikasintha kanthu pa nsanja ndisamusokonezere ntchito yake. Kutchalitchi nakonso, chiyambire kuulutsa mapemphero pa Facebook, ambiri amene akutimvera ali pa foni, ena ku Johannesburg, ena ku Leeds. Kwa iwowo 41 Hz kulibe. Ngati ma Mid palibe, ndiye kuti Lamlungu limenelo gulu linayimba lopanda besi.

Chikundivutabe pano ndi noti imodzi. Pa nsambo ya G, fret yachisanu ndi chimodzi, C# amafa msanga kuposa anzake onse. Umamugunda bwinobwino, koma asanathe sekondi ziwiri wazimirira, pamene C ndi D oyandikana naye akuyimbabe. Ndinayesa ampu ina, chingwe china, nsambo zatsopano, m'nyumba ndi panja, zonse chimodzimodzi. Magitala ambiri opangidwa motengera a Fender ali ndi malo otere pakati pa fret yachisanu ndi yachisanu ndi chiwiri, chifukwa khosi la gitala limanjenjemera limodzi ndi notiyo n'kuiba mphamvu ya nsambo. Ukagunditsa mutu wa gitala kukhoma n'kuyimbanso, noti ija imakhalitsa, umboni wakuti vuto lili mu thabwa. Ena amamangirira kachitsulo kolemera kumutuko kuti malo ofawo asunthe. Ine pa nyimbo za mu A, pamene C# ayenera kukhalitsa kumapeto kwa mzere, ndimakamugwira pa fret 11 ya nsambo ya D.